Mlendo nayenso ayambe sikelo

Asisi, taganizirani mtsikana woyembekezera amene wangofika kumene ku Nambuma kuchitengwa, mwamuna ali ku Joni. M'madera ena mayi akapita yekha kukayamba sikelo amabwezedwa, ati akabwere ndi bambo kapena kalata ya amfumu. Nanga mlendoyu amfumuwo amudziwa liti? Miyezi imangotha osayezedwa magazi, osalandira mankhwala oteteza ku malungo.

Ku Malawi kuno sitilembetsa kwa dokotala, timangonyamula buku la kuchipatala. Chipatala cha boma, monga cha Kabudula, n'chaulere. Za mishoni zimalipiritsa, ndiye funsani kaye ngati sikelo ili pa mgwirizano wa boma ndi CHAM.

Bambo kuperekeza mkazi wake n'kwabwino ndithu, sitikukana. Koma anamwino, mayi akafika yekha muyezeni tsiku lomwelo. Za kalatazo mukambirane pambuyo.