Taloweza Zambiri, Takumbukira Zocepa

Tsiku lina m'kalasi la Giredi 9 ndinalemba pa bolodi liwu limodzi la Cizungu, memory, ndi kuuza ana kuti andipatse la Cinyanja. Kunali zii. Kenaka mnyamata wina wa kumbuyo, uja amene amaimika dzanja pokhapokha akakhala ndi nthabwala, anati: "A Ticha, ni kakhadi ka mu foni." Kalasi lonse linafa nako kuseka, inenso ndinaseka. Koma madzulo, nditapanikizika m'minibasi pakati pa kondakitala ndi amai ena a dengu la tomato, ndinaona kuti mwana uja sananame. Kwa iye nkhaniyi ndi ya malo osungiramo zinthu. Malo akadzaza ufufutako zina, uikemo zatsopano. Ndipo amene tinamuphunzitsa kuganiza tero ndife aphunzitsi, iye asanagwireko foni.

Mlandu wanga ndi uwu: tatenga kuloweza ndi kukukhazika pa mpando wa kukumbukira. Awa ndi mawu awiri osiyana, ndipo cinenero cathu cinawasiyanitsa kalekale. Ife ophunzira ndife tawasakaniza.

Kuloweza mumamveka kulowa. Utenga mawu ali kunja, uwakankhire m'mutu, ukhale nawo mpaka tsiku la mayeso. Timati kuloweza pamtima, koma tinene zoona, mtima sukhudzidwa n'komwe. Mwana aliyense m'Lusaka muno, ngakhale mutamudzutsa pakati pa usiku, adzakuuzani kuti Zambia inalandira ufulu pa 24 October 1964. Wocenjerako adzaonjezera kuti a Kenneth Kaunda anakhalako m'nyumba ya nambala 394 ku Chilenje, ndi kuti munthu wodula maunyolo pa Freedom Statue ndi Zanco Mpundu Mutembo. Zonsezi ndi zoona, ndipo pa pepala ndimaconga. Koma palibe cimene zimufunsa mwanayo kuti acite. Akatuluka m'cipinda ca mayeso angathe kuzisiya pakhomo pamodzi ndi pensulo yothyoka, osataya tulo.

Tsopano pitani kwa ambuya anu, kaya ali ku Katete kaya ali pafupi pompa ku Chawama. Mufike ndi shuga, sopo ndi citenje. Adzaomba m'manja ndi kunena kuti, "Mwatikumbukira lero." Mukakhala miyezi isanu ndi umodzi osaoneka, uthenga udzakupezani: "Mwatiiwala." Kodi ambuya aganiza kuti dzina lawo lacoka m'mutu mwanu? Kodi aganiza kuti njira ya kwawo yakusokonezani? Iyai. Adziwa bwino lomwe kuti muwadziwa. Cimene akamba n'cakuti simunabwere, simunatumize, simunafunse ngati mwendo uja unaleka kuwawa. M'kamwa mwa ambuya, kukumbukira kuli ndi miyendo ndi manja. Kumafuna ndalama ya basi. Mvetserani kumapeto kwa liwulo: kuphikira, kugulira, kutungira, kukumbukira. Khutu limamva kuti pali munthu wina amene nchitoyo ipita kwa iye.

Ena adzati ici ndi Cinyanja ca kumudzi, ca m'mabuku, ife a m'tauni sitikamba conco. Bodza. Ine sindili m'gulu la aphunzitsi amene amanyoza cilankhulo ca m'komboni, cifukwa ndico ndinakulira. M'tauni tinafupikitsa cabe, timati kukumbuka, ndipo tanthauzo silinasinthe. Mwezi ukatha, mng'ono wanu akatumiza uthenga wakuti "munikumbukeko," simumuyankha kuti inde, ndikudziwa, ndiwe mwana wacitatu wa amai. Mumatumiza ya thokotaimu, kapena mumazimitsa foni. Ndipo tauni inatipatsanso kuyewa. "Nakuyewa" ndi liwu labwino, lofewa, koma ndi la iwe mwini: likamba za kupweteka kwako. Ungamuyewe munthu caka cathunthu uli gone pabedi. Kumukumbukira ndiye kufuna kuti udzuke.

Pa tsinde lomweli pamera kukumbutsa, liwu limene timalikonda pang'ono. Munthu amene anakukongozani ndalama sanena kuti ndabwera kudzalonjerera ngongole. Amakhala pansi, afunse za ana, kenaka anene mwaulemu kuti, "Ndangobwera kudzakumbutsako." Nonse awiri mudziwa kuti palibe anaiwala. Kukumbutsa ndi kuuza munthu kuti zimene adziwa zamufikira nthawi yozicita. N'cifukwa cake wokumbutsa sakondedwa. Pa msonkhano wa m'dera, mai amene amaimirira kunena kuti caka catha munalonjeza ngalande, ndiye amachedwa wobvuta, wa ndale, wosafuna mtendere. Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Ife wotsina khutu timam'cotsa pa gulu la WhatsApp.

Ndiye pali cikumbumtima. Liwu ili ndimalikonda kuposa onse, ndipo ndimadabwa kuti timalichula m'chalichi mokha. Anthu amene anaumba cinenero cathu, pofuna dzina la cinthu cija cimene cimakuletsa tulo ukalakwira mnzako, sanapite kutali. Anatenga kukumbuka ndi mtima. Munthu wopanda cikumbumtima angakhale ndi mutu wakuthwa zedi, woloweza malamulo onse a dziko ndi mavesi a m'Baibulo, wodziwa tsiku ndi ola limene anadya ndalama za ana amasiye. Palibe cimene waiwala. Kungoti zimene adziwa sizim'luma. Sukulu imene iphunzitsa kuloweza kokha ingatulutse anthu otere ambirimbiri, onse ndi masatifiketi abwino.

Onani zimene tacita ndi cikumbutso. Munthu akamwalira timasindikiza nkhope yake pa masikipa, timalemba mawu a Cizungu olonjeza kuti sadzaiwalika, timajambulana pamanda ku Chingwere kapena ku Leopards Hill ndi kuika pa Facebook. Caka cikatha timasonkhanso, tiike mwala, tiphike nkhuku. Sindinyoza maliro, ndipo mwala pamanda ndi ulemu woyenera. Koma ndaonapo ndi maso anga mwana wa malemu ataleka sukulu cifukwa cosowa nsapato ndi yunifomu, ali kugulitsa mafiritasi pa siteshoni atabvala sikipa yomweyo ya nkhope ya atate ake. Abale onse anali pa cikumbutso. Palibe mmodzi anam'kumbukira.

Makolo athu analibe masikipa. Cikumbutso cawo anali kuciika pa munthu wamoyo. Mwana wobadwa nyumba ili pa maliro anali kuchedwa Misozi, wobadwa pa nthawi yowawa Mabvuto kapena Masauso, ndipo mpaka lero tili nawo a Kumbukani ndi a Cikumbutso m'marejisita athu. Wina anali kupatsidwa dzina la ambuya amene anapita, kuti poitana mwana kukatunga madzi, dzina la malemu limveke pabwalo tsiku ndi tsiku. Cikumbutso cotere cimadya nsima, cimadwala, cimafuna fizi. Sungacipacike kukhoma ndi kupita.

Monga dziko tinakumbukirapo bwino kamodzi, ndipo nonse mudziwa tsikulo. Usiku wa pa 27 April 1993 ndege ya asilikali imene inanyamula timu yathu ya mpira kupita ku Senegal inagwera m'nyanja itangonyamuka ku Libreville, ku Gabon. Anthu onse 30 anafa, pakati pawo osewera 18. Ine ndinali wamng'ono, cimene ndinasunga ndi nkhope ya amalume atakhala pafupi ndi wailesi osakamba kanthu. Patapita zaka pafupifupi 19, mu February 2012, anyamata ena anafika mu mzinda womwewo kudzasewera fainolo. Anapita kugombe, anaika maluwa pamadzi, kenaka pa 12 February anamenya Ivory Coast pa mapenoti 8 kwa 7, Stoppila Sunzu ndiye anatsiriza. Maluwa okha akanakhala mwambo cabe. Iwo anatsiriza nchito imene akufa anaisiya panjira, ndipo usiku umenewo ngakhale amene sakonda mpira anathamanga m'misewu ya m'komboni.

Manda a anthu 30 aja ali pafupi ndi Independence Stadium, ndipo pambali pake pali National Heroes Stadium. Mu January 2024 bwalo limenelo linasanduka cipatala ca kolera. Mabedi anandandalika m'malo amene tinamangira cisangalalo. Masukulu, amene anafunika kutsegulidwa kuciyambi kwa January, anakhala otseka mpaka mu February. Mliri umenewo, umene unayamba mu October 2023, unapha anthu oposa 700 m'dziko muno. Ndipo sunali mlendo. Mu October 2017 unayambanso cimodzimodzi, unapha anthu pafupifupi 100 m'Lusaka, asilikali analowa m'tauni kukayeretsa misewu, ogulitsa m'mbali mwa njira anathamangitsidwa, ku Kanyama anthu analetsedwa kuyenda usiku, masukulu anacedwa kutsegulidwa.

Funsani mwana aliyense wa Giredi 7 cimene cibweretsa kolera. Adzakuimbirani ngati nyimbo: madzi akuda, zimbudzi zosasamalika, kusasamba m'manja. Waloweza. Akuluakulu a m'maofesi naonso analoweza, ndipo adziwa zoposa apo. Adziwa kuti ku Kanyama ndi madera ena otere madzi a pansi ali pafupi, mwala wake ndi wa mphakomphako, ndiye zocokera m'cimbudzi cokumba sizicedwa kufika m'citsime cosaya ca pafupi, makamaka mvula ikagwa ndi kusefukira. Cidziwitso conse cilipo, cili m'malipoti, cili m'mabuku anga a sukulu. Madzi saiwala khwawa, anatero akulu. Caka ndi caka amabwerera m'nyumba zomwezo, pa ngodya yomweyo, mpaka pa mzera womwewo wa pakhoma. Madzi ndiwo akumbukira m'Lusaka muno. Ife dzuwa la August likawala timakamba zina.

Apa mpamene ndimakwiya ndi liwu lakuti kuiwala, cifukwa talisandutsa pobisalira. Kuiwala kwenikweni ndi ngozi: waiwala makiyi, waiwala kuthira mcere m'ndiwo. Palibe amakuimba mlandu waukulu. Koma munthu amene anaona ngalande yatsekeka mu June, naidutsa tsiku lililonse mpaka November, sanaiwale. Ananyalanyaza. Ndipo pali kacinyengo kena kamene cinenero cimatilola, kamene mwana aliyense amakadziwa. Mwana akaswa mbale sanena kuti ndaswa mbale, amati mbale yasweka. Ifenso timati nkhani ija inaiwalika, lonjezo lija linaiwalika, ngati kuti linadzuka lokha usiku ndi kucoka. Mukamva wina wa pa mpando akuti zinaiwalika, mufunseni mwaulemu: anaiwala ndani?

Ndidziwa zimene muyankha, cifukwa ana anga a sukulu amandiyankha zomwezo. A Ticha, tikapanda kuloweza tifeluka. Zoona. Kuloweza kuli ndi malo ake: matebulo a masamu, masipelo, nambala ya foni ya amai ako tsiku limene foni yako yabedwa. Inenso ndili ndi mlandu. Mayeso akayandikira ndimalemba manotsi bolodi lonse ndi kuuza ana kuti meza izi, cifukwa kumapeto kwa caka andiyesa ndi ciwerengero ca opasa, ndipo lendi siyembekeza. Sindikuuzani kuti mutaye makope. Ndikukana cabe kuti nchito yomezayo tiipatse dzina la cinthu cacikulu kuposa iyo, mpaka mwana akule akuganiza kuti akadziwa deti ndiye kuti wakwanitsa.

Yankho lina limacokera kwa akulu, nthawi zina pa guwa: zakale zinapita, osakumba zakale, khululukani muiwale. Kukumba ndi kukumbuka amamvekadi ngati apacibale, ndipo pali anthu amene amafukula nkhani zakale kuti apweteke ena basi. Koma kukhululuka ndi kuiwala si mapasa. Mai amene mwana wake anafa ndi kolera mu 2018 angakhululukire aliyense amene afuna, ndi nkhani ya mtima wake. Akaiwala, mwana waciwiri adzamwa pa citsime comweco. Ndipo ndaona kuti amene amafulumira kutiuza kuti tiiwale, kawirikawiri ndi amene ali ndi ngongole.

Temu yatha ndinapatsa kalasi nchito ya kunyumba imene siili mu silabasi. Ndinati aliyense akafunse cifukwa cimene anapatsidwira dzina lake. Ambiri anabwera ndi nkhani zoseketsa: wina dzina la wosewera mpira, wina la nesi amene anathandiza pobadwa. Mtsikana wina anadikira anzake atuluke. Anati dzina lake ndi la ang'ono a amai ake, amene anamwalira ndi matenda otsegula m'mimba nyengo ya mvula, miyezi iwiri iye asanabadwe. Zaka zonsezi sanadziwe, ndipo amai ake analira pomuuza. Ndinamufunsa kumene amatunga madzi masiku ano. Anati pampopi wa kiyosiki ndalama ikakhalapo, ikasowa pa citsime ca kuseri kwa nyumba. Comweco? Anagwedeza mutu kubvomera.

Kenaka anandifunsa kuti nchitoyi ili ndi mamakisi angati. Ndinamuuza kuti ilibe. Anaoneka wokhumudwa pang'ono, anatenga cikwama cake napita. Lacisanu lotsatira ndinapereka botolo la klorini kwa amai ake, la pa ndalama yanga, ndipo ndidziwa kuti silifika mu January.