Kukamba Si Mlandu, Khoti Inanena Kale

Imwe amene mukwela minibasi ya ku Kafue m'mamawa mudziwa mmene nkhani zimayambila. Wina akangochula za amuna okondana okhaokha, basi yonse imagwilizana pa mau amodzi: "Ni vacizungu ivo." Ngakhale ba kondakita amaiwala chenji, naonso aponyepo lao.

Ine ndifuna tione bwino cimene cinabwela ndi azungu. Lamulo limene limamanga anthu amenewa muno mu Zambia lili m'buku la milandu, gawo 155, ndipo bukulo tinalilandila kwa Angelezi tikali Northern Rhodesia. Mau ake oti kugonana "kosemphana ndi cilengedwe" ndi abale a gawo 377 limene Angelezi omwewo analemba ku India mu 1860. Khoti yaikulu ya ku India inacotsa cilango cimeneco pa anthu akuluakulu ogwilizana pa 6 September 2018. Mozambique inacotsa mu 2015, Botswana mu 2019. Ise tikali naco, ndipo mu 2005 tinacilemeletsa: zaka zosacepela 15, mpaka moyo wonse m'ndende.

Si lamulo logona iai. Mu November 2019 amuna awili a ku Kapiri Mposhi anapatsidwa zaka 15. Kazembe wa America, Daniel Foote, atadzudzula, boma linakwiya ndipo iye anabwelela kwao. Mu May 2020 a Edgar Lungu anawakhululukila amunawo pamodzi ndi akaidi ena. Anatuluka, koma maina ao dziko lonse linali litawadziwa kale.

Manje ganizani za Kafue Industrial Area. Kuyambila pamene Nitrogen Chemicals of Zambia inatsegulidwa mu 1970, tauni iyi yakhala ya anthu obwela kudzafuna nchito: a kum'mawa, a kum'mwela, Ayao a ku Malawi, Amwenye a m'mafakitale ndi m'masitolo. Nchito zambili masiku ano ndi zamaganyu, ndipo uzipeza kupitila mwa munthu amene akudziwa. Kwa mnyamata wacisilamu, kawilikawili munthu ameneyo ndi wa ku mzikiti. Kwa mwana wa m'banja la Cimwenye, bwana ndi amalume ake, nyumba ndi ya atate ake, ndipo ukwati akulu anayamba kale kuukambilana. Mphekesela imodzi cabe imamulanda nchito, pogona, ndi malo opemphelela tsiku limodzi. Ndiye cifukwa cake munthu woteleyu akaopsezedwa pa foni kuti "tumiza ndalama, apo ayi tikuulula," amalipila. Kupolisi angapite bwanji, pamene kudandaula kwake ndiko kudzipeleka?

Mnzake wacikhristu naye avutika, sindikana. Koma Asilamu ndi Amwenye muno ndi ocepa, m'dziko limene a Chiluba analicha lacikhristu mu 1991. Gulu locepa limadziyang'anila kwambili, silifuna kupatsa anthu akunja cokamba. Wosiyana ndi anzake m'gulu lotele alibe kwina kothawila. Kucoka ku Shikoswe kupita ku Zambia Compound si kuthawa.

Anthu akamva za "kulimbikitsana" kwa magulu otele amaganiza za mbendela ndi ndalama za kunja. Onani mmene Imam Muhsin Hendricks anayambila ku Cape Town. Anaphunzila Cisilamu ku Pakistan, ndipo mu 1996 anaulula poyela kuti amakonda amuna anzake. Pambuyo pake anatsegula galaji ya panyumba, nayala kapeti, naitana Asilamu onga iye kuti adzamwe tiyi ndi kukambilana. Gulu lake linachedwa The Inner Circle, ndipo m'kupita kwa zaka anatsegula mzikiti ku Wynberg kumene anthu otele anali kupemphela mosaopa. Pa 15 February 2025 anthu obisa nkhope anamuombela m'galimoto ku Gqeberha. Dzikolo malamulo ake amateteza anthu amenewa, koma mfuti sinafunse za malamulo.

Tiyi ndi kapeti. Ife amene timadziwa cilimba ndi makomiti a malilo tisaname kuti sitimvetsa zimenezi. Ndi anthu osonkha zocepa kuti mnzao akathamangitsidwa panyumba apeze pogona, akamangidwa apeze loya, akadwala adziwe nesi amene sadzamuseka pa mzele wa mankhwala a HIV. Muno mu Zambia mabungwe monga Friends of Rainka ndi Transbantu Association Zambia agwila nchito yoteleyi kwa zaka zambili, mwakacetecete.

Nanga kukamba za iwo ndi mlandu? Mu April 2013 Paul Kasonkomona anagwidwa panja pa Muvi TV atangomaliza kunena pa pulogalamu kuti anthu amenewa ali ndi ufulu wolandila thandizo la zaumoyo ndi kulemekezedwa. Mu February 2014 khoti inamumasula, ndipo boma litacita apilo, High Court mu May 2015 inagwilizana ndi cigamulo coyamba. Kupempha kuti lamulo lisinthe si kuswa lamulo.

Sindikupempha a sheikh kapena abusa kuti asinthe ulaliki wao. Zimenezo ndi zao ndi mabuku ao. Canga ndi capafupi: kapitao wa pa fakitale asacotse munthu pa ndandanda ya maganyu cifukwa ca zimene wamva pa basi, ndipo a yuniyoni amene amaimila anchito pa nkhani ya malipilo amuimilenso uyu akacotsedwa popanda colakwa pa nchito. Wapolisi wa pa Kafue akalandila dandaulo la munthu woopsezedwa kuti alipile, ayambe wagwila woopsezayo, pakuti kulanda ndalama moopseza nako kuli m'buku lomwelo la milandu.