Tayala Lakumbuyo: Tisanyengeke ndi Mano Aakulu

Tchuthi chikayandikira, nkhani ya njinga imabuka m'makomo ambiri. Njinga zamagiya zija timazitcha mountain bike zachuluka masiku ano ku Likuni, ku Mitundu ndi ku Nathenje, ndipo zambiri ndi zakaunjika. Zimafika matayala ake atayenda kale, ndipo loyamba kutha ndi lakumbuyo. Apa ndi pamene mnyamata amapempha ndalama kwa makolo, napita kumsika, nakasankha tayala la mano aakuluakulu ngati la thirakitala. Ine ndikuti pa misewu yathu ino kusankha kotereku ndi kutaya ndalama, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Matayala awiri a njinga amaoneka ngati mapasa koma ntchito zawo n'zosiyana. Lakutsogolo limaongolera. Lakumbuyo limasenza gawo lalikulu la thupi la wokwera, limalandira mphamvu yonse yochokera ku tcheni, ndiponso ndilo limakwekwereza pansi tikagwira buleki mwadzidzidzi. Tikaonjezerapo thumba la chimanga pa kaliyala, kapena mng'ono wathu amene wadwala malungo, katundu yenseyo ali pa tayala limodzi lomweli. Aliyense amene anaonapo anthu a makala akutsika kuchokera ku Dzalanyama, matumba atasanjikizana kupitirira mutu, akudziwa tayala limene limalira.

Tsono tikumbukire kumene njinga zimenezi zinachokera. Zinayambira ku Marin County, m'chigawo cha California ku America, m'zaka za m'ma 1970, pamene achinyamata ankapikisana kutsetsereka m'mapiri. Pofika mu 1981 kampani ya Specialized inayamba kugulitsa njinga yotchedwa Stumpjumper, imodzi mwa zoyamba kupangidwa zambirimbiri mu fakitale. Mano aakulu otalikiranawo anawapangira masewera: kuluma dothi lofewa pa mtsetse, munthu alibe katundu, ndipo akamaliza n'kukweza njinga pa galimoto. Ife sitikusewera. Ulendo wochoka ku Likuni kupita m'tauni ndi wa pa tala. Msewu wa ku Bunda ndi ku Mitundu ndi wa tala. Nathenje ali pa M1. Tikapatuka kulowa m'midzi timapeza msewu wa katondo umene kuyambira Meyi mpaka Okutobala umauma gwa ngati njerwa. Pa malo olimba chonchi dzino lalitali lilibe choluma. Limangopindika, n'kumalira ngati njuchi, n'kumadya mphamvu ya m'miyendo, kenaka n'kuperepeseka msanga chifukwa kulemera konse kwatsamira pa timitu tochepa ta labala.

Tayala lakumbuyo lotiyenera ndi la mano aafupi, oyandikana kwambiri pakati, pena olumikizana ngati mzere umodzi, ndipo okulirapo m'mbali mokha. Pakati pamenepo ndi pamene timayendapo tsiku ndi tsiku. A m'mbaliwo amagwira ntchito tikamakhota pa mchenga.

Wina anena kuti, nanga dzinja? Funsoli ndi loona ndipo sindilipeputsa. Mvula ikagwa, dothi lakuda la m'madambo limamata pakati pa mano oyandikana mpaka tayala kusalala ngati mbale, ndipo pa chitunda limangozungulira pamodzimodzi. Pamenepo tayala la mano otalikirana limapambanadi, chifukwa limataya matope likamazungulira. Koma tiwerengere bwino. Pa ulendo wa makilomita 20, matope oterewa amakhala pa malo angati? Kawirikawiri ndi pa dambo limodzi kapena awiri, ndipo ngakhale a tayala la thirakitala aja amatsika n'kukankha, chifukwa matope amadzaza pa mabuleki ndi pa felemu. Kuvutika chaka chonse pofuna kupambana pa dambo limodzi si nzeru. Amene kwawo kuli kutali ndi tala, ndipo njira yake ndi ya m'dambo yokhayokha, ameneyo agule la mano, ambirife ayi.

Chimene tiyenera kuyang'anitsitsa si mano konse, koma thupi la tayala. Mkati mwa labala muli nsalu ya ulusi, ndipo opanga ena amalemba kuchuluka kwa ulusiwo ndi zilembo zoti TPI. La 120 TPI lili ndi ulusi wopyapyala, ndi lopepuka ndi lofewa, la anthu a mpikisano. La 30 kapena 60 TPI lili ndi ulusi wokhuthala ndi labala wambiri. Ndi lolemera pang'ono koma limapirira miyala ndi minga ya mthethe. Kumbuyo tikufuna lachiwirili. Ngati nambalayi palibe, zala zathu zitiuze: titsine m'mbali mwa tayala. Ngati ndi mopyapyala ngati chikopa cha mbuzi, kapena mukuoneka timing'alu tikalipinda, tilisiye ngakhale mano ake akongole chotani. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tayala silifa ndi mano okha. Ambiri amang'ambika m'mbali mano akadalipo, chubu n'kutuluka ngati chotupa. Mayina ngati Kenda, CST kapena Maxxis ndi odziwika, koma dzina lolembedwa pa labala silitiletsa kutsina.

Pali msampha wina umene wagwira ambiri, ndipo makolo amene mumatumidwa kukagula muumvetse. Nambala 26 si imodzi. Tayala lolembedwa 26 x 1.95 ndi lolembedwa 26 x 1 3/8 sangalowe pa limu imodzi. Loyambalo ndi la mountain bike ndipo m'kamwa mwake ndi mamilimita 559; lachiwirilo, limene limapezeka pa njinga zambiri za m'tauni zochokera ku Japan, ndi la mamilimita 590. Momwemonso 28 x 1 1/2 la njinga zakuda zakale zija ndi 635, pamene la mountain bike yamakono ya 29 ndi 622, ndipo la 27.5 ndi 584. Chodabwitsa n'chakuti la 28 ndi lalikulu m'kamwa kuposa la 29! Njira yosasokoneza ndi kuwerenga nambala zina zimene zimalembedwa pambali, monga 50-559. Yoyambayo ndi kunenepa kwa tayala, yachiwiri ndi kukula kwa limu. Yachiwiriyi iyenera kufanana ndendende ndi ya tayala lakale. Ilembeni pa pepala musananyamuke, chifukwa si wogulitsa aliyense amene amalandira katundu wobwezedwa.

Pa kunenepa, 1.95 mpaka 2.1 n'kokwanira. Lonenepa kuposa apo limakhuza felemu, makamaka gudumu likapindika pang'ono kapena matope akamatirira.

Nanga mtengo? Matayala amenewa amachokera kunja, ndipo ndalama ya kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya zinthu zotere inakwera. N'zomveka kuti bambo amene wagulitsa mtedza kapena soya wake pa Mitundu afune lotchipitsitsa. Koma tayala lotchipa silibwera lokha. Limabwera ndi zigamba, guluu, chubu chatsopano, ndalama ya wokonza njinga, ndi ulendo wokankha dzuwa likulowa. Likaphulika pa mtsetse wa M1, galimoto lalikulu lili pambuyo, nkhani sikhalanso ya ndalama.

Pali ena amene amati lakumbuyo likatha, chotsani lakutsogolo muliike kumbuyo, latsopano lipite kutsogolo. Maganizowa ali ndi mfundo, pakuti lakutsogolo likaterereka kapena kuphulika munthu amagwa chamutu, pamene lakumbuyo likatero amatha kudziwongola. Kwa amene amayenda yekha wopanda katundu, ndikuvomereza. Koma tayala limene lakhala zaka kutsogolo, dzuwa likuliwamba mpaka kuchita ming'alu, silingasenze thumba la makilogalamu 50. Zotere zikachitika ndiye kuti onse awiri atha, ndipo tisadzinamize.

Ngakhale tayala labwino limafa msanga likamayenda ndi mpweya wochepa. Gudumu likagunda mwala kapena m'mphepete mwa tala, chubu chimapanikizika pakati pa limu ndi mwalawo, n'kubooka timabowo tiwiri toyandikana ngati molumidwa ndi njoka. Tikaona timabowo totere tisanamizire minga. Matayala ambiri a 26 x 1.95 amalembedwa 40 mpaka 65 PSI. Lakumbuyo lipopedwe molimba kuposa lakutsogolo, ndipo tsiku lonyamula katundu lifike chakumtunda kwa nambalazo. Pomanga, tiyang'anenso kamuvi kamene kali m'mbali mwa matayala ena, kosonyeza kumene liyenera kuzungulirira, chifukwa pa mashedi ambiri okonzera njinga palibe amene amakayang'ana tikapanda kunena.