Kodi ana athu akuwombera m'manja imfa ya yani?

M'misika ya ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota simusowa kanyumba ka vidiyo kotchinga nsalu pakhomo, ndipo amene amadzaza mabenchi ake ndi ana athu omwe timawayembekezera ku madrasa. Filimu imene imakoka anthu kwambiri ndi ya nkhondo, ndipo poti mafilimu ambiri masiku ano amamasuliridwa m'Chichewa, ngakhale mwana wa Sitandade 2 amamva zonse. Msilikali wachizungu akawombera munthu wa ndevu ndi nduwira, m'kanyumbamo mumabuka chimwemwe, pamene wogwa uja anali atangofuula takbira yomweyo imene mwanayo amaimva pa mzikiti wa m'mudzi mwake. Ife aphunzitsi a madrasa tikunena poyera kuti kanyumbako ndi sukulu, ndipo phunziro lake ndi lakuti padziko pali anthu amene imfa yawo ndi maliro, pali enanso amene imfa yawo ndi chisangalalo. Ana athu akuphunzitsidwa kuika anthu a chikhulupiriro chawo m'gulu lachiwirilo.

Titenge filimu ya Black Hawk Down, imene Ridley Scott anatulutsa mu 2001. Imafotokoza nkhondo imene inachitika mumzinda wa Mogadishu ku Somalia pa 3 ndi 4 Okutobala 1993. Kumapeto kwake pamalembedwa maina a asilikali 19 a ku America, aliyense payekhapayekha, pamene Asomali amene anafa amangotchulidwa pa chiwerengero chimodzi, choposa 1,000, popanda dzina ngakhale limodzi. Woonera amadziwa msilikali amene anasiya mkazi kwawo, amadziwa amene anali wanthabwala ndi amene anali wamantha. Asomali amabwera ngati dzombe, kugwa, n'kubweranso ena. Komanso asilikali a ku Malaysia ndi a ku Pakistan, maiko a Asilamu ambiri, ndiwo analowa mumzindamo ndi magalimoto awo ankhondo kukapulumutsa Aamerika amene anazingidwa, ndipo msilikali mmodzi wa ku Malaysia anafera pa ntchitoyo. Filimuyo inawapatsa malo ochepa kwambiri, mpaka anthu a ku Malaysia anadandaula, ndipo mu 2023 anatulutsa filimu yawoyawo yofotokoza usiku womwewo.

Izi sizichitika mwangozi. Unduna wa zachitetezo ku America uli ndi ofesi yogwira ntchito ndi opanga mafilimu. Wofuna kubwereka ndege, akasinja kapena asilikali amayamba wapereka nkhani yake kuti iwerengedwe, ndipo opanga Black Hawk Down anabwerekedwa mahelikopita ndi asilikali enieni. Wobwereka khasu sanyoza mwini khasu pabwalo. Umboni wina uli mu Rambo III, ya mu 1988, imene akuluakulu ambiri aife tinaionera tili anyamata. M'menemo Asilamu a ku Afghanistan, ndi ndevu zawo ndi nduwira zawo, ndi ngwazi zolemekezeka, chifukwa nthawi imeneyo ankamenyana ndi Soviet Union, mdani wa America. Itadutsa 2001, ndevu zomwezo ndi nduwira zomwezo zinasanduka chizindikiro cha mdani. Chimene chinasintha ndi zofuna za dziko lopanga filimu, pakuti chipembedzo cha anthuwo chinali chomwecho.

Chotipweteka koposa ndi m'mene adhana imagwiritsidwira ntchito. American Sniper, filimu ya Clint Eastwood ya mu 2014, imayamba ndi mawu a adhana osakanikirana ndi phokoso la kasinja, ndipo posakhalitsa timaona mayi akupatsa mwana bomba. Motero khutu limaphunzitsidwa kuti kuitanira ku swala ndi chenjezo la ngozi. Filimu yomweyo imaonetsa nsanja za ku New York zikugwa mu 2001, kenaka n'kumutengera msilikaliyo ku Iraq, ngati kuti Iraq ndiyo inagwetsa nsanjazo. Chikhalirecho nkhondo ya ku Iraq ya mu 2003 inayambika pa chifukwa chakuti dzikolo linali ndi zida zopha anthu miyandamiyanda, ndipo zidazo sizinapezeke. Mwana wa ku Makanjira sadziwa mbiri imeneyi. Chimene amatuluka nacho ndi chakuti mawu oyamba amene anamunong'oneza m'khutu tsiku lobadwa ndi mawu a anthu oopsa.

Dandauloli si la Asilamu okha. Jack Shaheen, mphunzitsi wa pa yunivesite ku America, Mkhristu wa makolo ochokera ku Lebanon, anaonera mafilimu oposa 900 a ku Hollywood okhala ndi Aluya, nalemba buku lotchedwa Reel Bad Arabs mu 2001. Anapeza kuti ndi ochepa kwambiri amene anaonetsa Mluya ngati munthu wamba wokhala ndi banja, ntchito ndi chisoni. Ndipo poti mafilimuwo sasiyanitsa Mluya ndi Msilamu, litsirolo limagwera aliyense wovala mkanjo ndi chisoti, kuyambira ku Indonesia, kumene kuli Asilamu ochuluka kwambiri, mpaka msodzi wa pa nyanja yathu ino.

Ena adzati tikukulitsa nkhani, ndi kanema chabe. Tikuwafunsa kuti ngati chithunzi sichisintha mtima, n'chifukwa chiyani amalonda amalipira ndalama zambiri kuti katundu wawo aonekere pa wailesi ya kanema kwa mphindi imodzi yokha? Ife timadziwa mphamvu ya kubwereza, pakuti ndi mmene mwana amalowezera sura. Chimene chabwerezedwa kambirimbiri chimakhazikika, kaya ndi choona kaya ndi chonama. Mwana amene waombera m'manja imfa ya wovala nduwira kwa zaka zisanu adzayamba kuchita manyazi ndi chisoti chake, ndipo mnzake wa chipembedzo china amene amakhala naye pa benchi imodzi adzayamba kumuyang'ana mokayika. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba.

Ena adzati zigawenga zofuula takbira zilipodi. Zilipo, ndipo sitikubisa. Kuyambira mu Okutobala 2017 anthu onyamula mfuti akhala akupha ndi kuthamangitsa anthu m'chigawo cha Cabo Delgado ku Mozambique, ndipo ambiri mwa ovutikawo ndi Asilamu anzathu. Chimene tikukana ndi kuonetsa chigawenga n'kubisa Msilamu amene chigawengacho chikumupha, ndi Msilamu amene akuchitsutsa. Abderrahmane Sissako wa ku Mauritania anaonetsa kuti chilungamo chimenechi n'chotheka. Filimu yake ya Timbuktu, ya mu 2014, imafotokoza za zigawenga zimene zinalanda mzinda umenewo ku Mali mu 2012. Nkhanza zawo siibisa, koma imaonetsanso imamu akudzudzula anthu olowa mumzikiti ndi nsapato ndi mfuti, ndi amayi akukana malamulo opondereza. Imamu ameneyo waima pa maziko akale. Khalifa Abu Bakr, Allah asangalale naye, potumiza asilikali ku Sham anawaletsa kupha akazi, ana ndi okalamba, kudula mitengo ya zipatso, kugwetsa midzi, ndi kuvutitsa ansembe odzipatula m'nyumba zawo zopempherera. Ndi ana angati a m'madrasa athu amene amadziwa malangizo amenewa monga adziwira maina a mfuti za m'mafilimu?

Alipo mafilimu amene timawakonda, ndipo pali chifukwa. Moustapha Akkad anapanga The Message mu 1976 popanda kuonetsa nkhope ya Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye. Anapanganso Lion of the Desert, yonena za Omar Mukhtar, mphunzitsi wa Qur'an amene anamenyana ndi atsamunda a ku Italy ku Libya kwa zaka pafupifupi 20 mpaka anam'pachika mu 1931. Filimu imeneyi inaletsedwa ku Italy kwa zaka zambiri, chizindikiro chakuti maboma amadziwa bwino kuti kanema si kanema chabe. Komabe muyezo wathu ukhale umodzi. Ndalama zopangira Lion of the Desert zinachokera ku boma la Muammar Gaddafi, lomwe linali ndi zofuna zake. Ndipo timavidiyo timene zigawenga zimafalitsa pa mafoni a achinyamata timagwiritsa ntchito luso lomwe lija la ku Hollywood, kungoti latembenuzidwa: athu ali ndi maina, enawo ndi dzombe. Mwana amene waphunzira kukondwera ndi imfa ya Mkhristu kapena Myuda waonongeka chimodzimodzi ndi uja wokondwera ndi imfa ya Msilamu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Sitikupempha kuti tinyumba ta vidiyo titsekedwe, pakuti filimu yomweyo ili pa foni ya m'thumba la mwana. Tikupempha makolo kuti adziwe zimene ana akuonera, aonere nawo, ndi kuwafunsa mafunso atatu: wapanga filimuyi ndani, ndani wapatsidwa dzina ndi banja m'menemo, ndipo ndani wafa popanda womulira? Ndime 6 ya Surat Al-Hujurat imatilamula kufufuza nkhani imene yabwera ndi munthu wosadalirika tisanalakwire anthu mwaumbuli, ndipo filimu ndi nkhani yobweretsedwa. Tikupempha omasulira mafilimu m'Chichewa kuti aleke kuwonjezera nthabwala zonyoza swala ndi zovala za anthu, ndi eni tinyumba ta vidiyo kuti asalowetse tiana ku mafilimu okhetsa magazi. Aphunzitsi anzathu a madrasa, tipeze nthawi sabata iliyonse yophunzitsa mbiri ya Mtumiki ndi malamulo a nkhondo m'Chisilamu, kuti mwana akaona munthu akugwa pa kanema, kaya ndi wa nduwira kaya ndi wa chipewa cha chitsulo, akumbukire kuti ameneyo ndi mwana wa Adam, ndipo kwawo kuli mayi amene akulira.