Kutha msinkhu si kukhwima

Agogo anga, kwathu ku Fort Lister m'tsinde mwa phiri la Michesi, atangotha msinkhu anavinidwa, chaka chisanathe n'kukwatiwa. Zonse zinkabwera pakamodzi.

Lero zatalikirana. Asayansi anapeza kuti mtsikana amene amadya mokwanira amatha msinkhu msanga, pomwe malamulo a dziko lino, kuyambira 2017, salola ukwati munthu asanakwanitse zaka 18, ngakhale makolo avomere.

Ine ndikuti zaka zapakatizi tisazipepuse, anzanga. Mafupa a m'chiuno amapitirizabe kukula msambo utayamba kale. N'chifukwa chake mwana amatha kukanirira pobereka, mtsikana n'kutsala ndi fistula. Anamkungwi akamati "wakula", amangoona msambowo basi. Chiuno sichinakhwime, komanso mayeso a MSCE sanalembedwe.