Mwana Si Chuma Chamasiye

Maliro akatha ndipo anthu ameta, pamatsala funso limene ife a ku Tsangano ndi ku Macanga timaliyankha mothamanga: kodi ana apita kwa yani? Mbuzi, njinga ndi munda wa fodya kapena wa kachewere zimapeza eni tsiku lomwelo. Ana nawonso amagawidwa pa mphasa yomweyo, wina kwa amalume, wina kwa azakhali, popanda wowafunsa. Ukwati ukatha zimakhalanso chimodzimodzi.

Makolo athu sanali opanda nzeru. Mwa Achewa mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mwinimbumba ndiye amamuyang'anira. Kumene kumaperekedwa malowolo, mwana amawerengedwa wa kuchimuna. Miyambo iwiri yonseyi inkafuna kuti mwana asasowe khomo lolowa. Koma lero amalume ali ku Joni, bambo ndi wa ku Ntcheu kutsidya kwa malire, ndipo wolandira mwana nthawi zina amangofuna mbusa wa ng'ombe kapena munda umene malemu anasiya.

Malamulo a dziko la Mozambique anasintha chifukwa cha zotere. Mu 1994 dzikoli linavomereza Pangano la United Nations la Ufulu wa Ana. Ndime 47 ya malamulo aakulu a dziko, a mu 2004, imalamula kuti pa nkhani iliyonse yokhudza mwana choyamba kuganiziridwa chikhale ubwino wa mwanayo. Lamulo la mabanja la mu 2004 linapatsa bambo ndi mayi udindo wofanana pa ana awo, ndipo mu 2008 kunabwera lamulo nambala 7 loteteza ana. Mu 2019 Nyumba ya Malamulo inakonzanso lamulo la mabanja, inaletsa kukwatitsa aliyense wosakwana zaka 18, ndipo inaika mkazi kapena mwamuna wamasiye pamodzi ndi ana patsogolo pa olandira chuma cha malemu.

Tanthauzo lake ndi ili. Kholo limodzi likamwalira, lotsalalo silichotsedwa udindo chifukwa cha mwambo. Makolo akalekana, amene sakhala ndi mwana amayenerabe kuthandiza pa chakudya, zovala, mankhwala ndi sukulu. Onse awiri akamwalira, woyang'anira mwana amatsimikizidwa ndi bwalo lamilandu, ndipo chuma cha mwanayo amangochisunga, sichisanduka chake.

Komabe lamulo lolembedwa ku Maputo silifika lokha pamudzi. Linalembedwa m'Chipwitikizi, pamene agogo amene akulera adzukulu amalankhula Chichewa. Ulendo wopita ku Furancungo kapena ku likulu la boma la Tsangano umadya ndalama, makamaka m'dzinja misewu ikaonongeka. Ana ena alibe kalata ya kubadwa, ndipo mwana wopanda kalata amavutika kutsimikiza kuti malemu anali bambo ake. Choncho milandu yambiri imathera kwa ankhoswe ndi kwa mafumu, kumene mawu a mkazi wamasiye ndi a mwana samveka kwenikweni.

Tikupempha opanga malamulo zinthu zinayi. Choyamba, malamulowa amasuliridwe m'chilankhulo chathu ndi kuwerengedwa pa wailesi. Chachiwiri, oweruza ndi olemba kaundula wa kubadwa aziyendera midzi yakutali pa masiku odziwika. Chachitatu, pakhale njira yapafupi ndi yaulere yoti agogo kapena azakhali amene akulera kale mwana alembedwe m'buku la boma. Chachinayi, maboma a Mozambique ndi Malawi agwirizane kuti kholo lothawa udindo lisapulumuke pongodumpha malire.

Podikira zimenezo, ife tili ndi mbali yathu. Akulu ampingo ndi amayi a chigwirizano amaitanidwa pa zokambirana za maliro ndi za maukwati, ndipo kumeneko tisamangokhala chete. Tifunse ngati mwanayo apitirize sukulu, ngati sasiyanitsidwa ndi abale ake, ndiponso chimene iye mwini akufuna. Katundu wa malemu alembedwe pamaso pa mboni. Tilembetse ana athu akangobadwa. Pamene mwana akuzunzidwa, tisabise pofuna kusunga mbiri ya banja: ofesi yosamalira anthu ya m'boma lathu ilipo, apolisi ali ndi chipinda cha nkhani za mabanja ndi ana, bungwe la IPAJ limathandiza osauka pa milandu, ndipo nambala 116 imaimbidwa mwaulere.

Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tikadzakhalanso pa mphasa ya maliro, tiyeni tiyambe ndi kukambirana za ana, za mbuzi zibwere pambuyo. Mtendere ukhale m'makomo mwanu.