Msonkho Uyambe Banja Litadya

Anthu ambiri a ku Zemba akamva pa wailesi kuti Nduna ya Zacuma yakweza malire a msonkho wa pa malipiro, amati imeneyo ndi nkhani ya anthu a m'maofesi ku Lusaka. Maganizo otere ayenera kuongoledwa, pakuti nkhaniyi imafika mpaka pa nkhokwe ya mlimi.

Coyamba timvetse cimene cikunenedwa. Munthu wolembedwa nchito amadulidwa msonkho mwezi ndi mwezi asanalandire malipiro ake. Dzina la msonkhowo ndi PAYE, ndipo amene amautolera ndi a Zambia Revenue Authority. Koma lamulo linaika malire: ndalama zoyamba za malipiro, kufikira pa malirewo, msonkhowu suzikhudza. Kuyambira 2017 mpaka 2020 malirewo anali K3,300 pa mwezi. Mu 2021 anakwera kufika pa K4,000, mu 2022 pa K4,500, mu 2023 pa K4,800, ndipo mu 2024 pa K5,100. Motero wolandira K5,100 anali kudulidwa K60 mwezi uliwonse mu 2023, koma mu 2024 sanadulidwe msonkhowu ngakhale ngwee imodzi.

Akuluakulu a m'midzi yathu adziwa kusiyana kwa msonkho wacilungamo ndi msonkho wankhanza. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, pamene British South Africa Company inali kulamulira dera lino kucokera ku Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, inaika msonkho wa nyumba. Msonkhowo sunali kufunsa ngati munthu wakolola kapena wagona ndi njala. Amuna anasiya akazi, ana ndi minda kukafuna masheleni ku mafamu ndi ku migodi ya ku Southern Rhodesia. Malire a msonkho alipo kuti zotere zisabwerezedwe. Tanthauzo lake ndi lakuti banja liyambe ladya, ndipo Boma litenge gawo lake pa zotsala.

Wina anganene kuti, "Ine ndine mlimi, sindili pa malipiro." Zoona. Koma ndani amagula nshawa, nkhuku ndi ndiwo zamasamba zimene mupita nazo ku msika wa pa boma la Chadiza? Ndi mphunzitsi, namwino, mlangizi wa zaulimi ndi wapolisi. Ndani amatumiza ndalama ya feteleza mvula ikayandikira? Ndi mwana wanu amene agwira nchito ku Chipata, ku Lusaka kapena ku Migodi. Ndalama imene Boma lasiya m'thumba la anthu amenewa sigona m'banki. Imagula unga, imalipira waganyu, imabwera kumudzi.

Nkhawa yathu ili pa mitengo ya zinthu. Mu February 2024 Boma linalengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse, ndipo pofika December caka comweco mitengo inali itakwera ndi 16.7 peresenti poyerekeza ndi caka cam'mbuyo. Bungwe la Jesuit Centre for Theological Reflection, limene limawerengera zofunika pa moyo wa banja la anthu asanu mu Lusaka, linapeza kuti mu 2024 zinapitirira K10,000 pa mwezi. Koma mu 2025 malire a msonkho anakhala pomwepo pa K5,100. Malire akaima pamene mitengo ithamanga, wanchito amene wawonjezeredwa pang'ono kuti angokwanitsa thumba la unga amapezeka walowa mu msonkho, cikhalireco sanalemere. Uku ndi kukweza msonkho mwakacetecete, popanda Nyumba ya Malamulo kukambirana.

Pali anzathu ena amene aopa kuti malire akakwera, Boma lidzasowa ndalama ya mankhwala, misewu ndi maphunziro aulere amene anayamba mu 2022. Mantha awo si acibwana, pakuti citukuko cimadya ndalama. Koma tikumbukire zinthu ziwiri. Wamalipiro ocepa sathawa msonkho: pogula sopo, citenje kapena malata amalipira VAT ya 16 peresenti, monganso mlimi. Ndipo wamalipiro aakulu apitiriza kusenza gawo lake, pakuti mu 2024 ndalama zopitirira K9,200 pa mwezi zinali kudulidwa 37 peresenti. Kumene Boma liyenera kulimbitsa dzanja ndi kwa amalonda obisa phindu ndi ozembetsa katundu m'malire a dziko. Mwini ng'ombe wanzeru sakama mkaka wonse mwana wa ng'ombe asanayamwe.

Cifukwa cace tinena kuti kukweza malire kumene kunacitika kuyambira 2021 mpaka 2024 kunali koyenera, ndipo kusakhale mphatso ya apo ndi apo. Malirewo aziunikidwa caka ndi caka molingana ndi mitengo ya zinthu, kuti wanchito adziwe pamene waima.

Anzanga a ku Zemba, caka ciliconse Unduna wa Zacuma umapempha maganizo a anthu usanakonze bajeti. Kambiranani nkhaniyi pa misonkhano yanu, ndipo muitule kwa khansala ndi kwa phungu wanu wa ku Nyumba ya Malamulo. Mwana akapanda kulira amafera kumsana kwa amake.